Kuchepetsa mimba mukadutsa zaka 40

Abambo ndi amayi a kuno ku Lusaka amene mwadutsa zaka 40, yambani ndi chingwe musanathamangire sikelo. Dulani chingwe chotalika ngati msinkhu wanu, muchipinde pakati, kenako muchizungulize m'mimba pafupi ndi mchombo. Ngati nsonga zake sizikukumana, ndiye kuti mafuta a m'mimba achuluka, ndipo mafuta amenewa ndi amene amakoka matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Nsima musaisiyiretu, chifukwa ambiri amene amatero amabwerera ku mphika njala itawapweteka. Chepetsani mitanda basi: m'malo mwa itatu, idyani umodzi waukulu ngati chibakera chanu, ndipo ngati n'kotheka ikhale ya roller meal, yomwe ili ndi gaga wambiri kuposa ya breakfast. Theka la mbale likhale chibwabwa, repu kapena therere. Mafuta ophikira muziyeza ndi supuni, osangopendeketsa botolo pamwamba pa poto monga timachitira ambirife. Chakumwa chotsekemera cha theka la lita nthawi zambiri chimakhala ndi masupuni aang'ono a shuga oposa 10.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa akuluakulu kuchita zolimbitsa thupi, monga kuyenda ndawala, kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata. Mukakwera minibasi yopita ku Matero kapena ku Chilenje, tsikani masiteji awiri musanafike kwanu, n'kuyenda mofulumira mpaka mpweya uyambe kubanika pang'ono. Amene mumamwa mankhwala a shuga kambiranani ndi adokotala musanachepetse chakudya, chifukwa shuga angatsike mopitirira muyezo.