Momwe mungamangire gudumu la mano lakale pa kalanki ina ya njinga

Njinga zakale za mpikisano zimene zimabwera mu kaunjika kuchokera ku Ulaya ndi ku Japan zimakhala ndi felemu yolimba, koma gudumu la mano lakutsogolo, lija limakoka tcheni, nthawi zambiri limakhala litatha mano kapena ndi lalikulu kuposa mphamvu za miyendo yathu. Zambiri zimabwera ndi magudumu awiri, la mano 52 ndi la mano 42. Ku chigwa cha Shire palibe vuto, koma pokwera phiri la Zomba mudzatsika n'kuyamba kukankha. Munthu amapita kumsika, n'kupeza gudumu lina labwinobwino, kufika kunyumba mabowo sakugwirizana ndi a kalanki, chitsulo chija chimagwira pedulo ndi gudumu. Ambiri apa amathamangira kwa owotcherera, ndipo zitsulo ziwiri zabwino zimawonongekera pomwepo. Ntchito imeneyi imayamba ndi kuyeza, ndipo muyezowo ndi umene umakuuzani njira yoti mutsate.

Yambani ndi kuona ngati gudumulo limachoka. Pa njinga zakuda zija za akabaza, monga Phoenix, Hero ndi Humber, kawirikawiri gudumu limakhala lomatiriridwa ku kalanki kuchokera kufakitale, popanda mabawuti. Zikatero palibe chomasula: gulani kalanki yonse ya kumanja yokhala ndi mano amene mukufuna. Poibwezeretsa, kotapini (kampanda komangira kalanki pa ekiselo) ya kumanja ndi ya kumanzere zilowe mosemphana, apo ayi mapedulo sadzakhala pa mzere umodzi. Zimene zikutsatirazi ndi za kalanki ya mabawuti, yokhala ndi timikono titatu, tinayi kapena tisanu.

Kuyeza mabowo

Mabowo a mabawuti amakhala pa mzere wozungulira, ndipo kukula kwa mzerewo, kuchoka mbali ina kudutsa pakati mpaka mbali inayo, ndiko kumalembedwa kuti BCD. Pukutani girizi n'kuyang'ana kuseri kwa gudumu, pena nambalayo imakhala yodindidwa kale. Ngati palibe, yezani pakati pa mabowo awiri oyandikana. Pakati penipeni pa bowo m'povuta kupapeza ndi maso, choncho ikani rula m'mphepete mwa kumanzere mwa bowo loyamba, n'kuwerenga pa m'mphepete mwa kumanzere mwa bowo lachiwiri. Mtunda wake ndi womwewo.

Ngati mabowo ndi asanu, chulukitsani nambalayo ndi 1.701. Ngati ndi anayi, ndi 1.414. Ngati ndi atatu, ndi 1.155. Pa mabowo asanu, mukapeza mamilimita 76.4 ndiye kuti BCD ndi 130, muyezo umene kampani ya Shimano inafalitsa pa njinga za pamsewu. Mukapeza 64.7 ndi 110, pamene 84.6 ndi 144, wa makalanki akale a kampani ya Campagnolo umene njinga zambiri za m'ma 1970 zinatengera. Campagnolo ya pambuyo pake ndi 135. Zachifalansa zili ndi miyezo yawoyawo: kalanki yotchedwa Stronglight 93 muyezo wake ndi 122, ya Nervar ndi 128. Njinga za m'mapiri za mabowo anayi nthawi zambiri ndi 104 kunja ndi 64 mkati. Masamu amenewa sagwira pa makalanki atsopano a Shimano a mikono inayi yotalikirana mosiyana. Amenewo amafuna magudumu awoawo.

Yezani kalanki, yezani gudumu, lembani zonse papepala. Kusiyana kwa 128 ndi 130 pa mabowo oyandikana kumangopitirira pang'ono milimita imodzi, ndiye ngati pali wokubwerekani veniya, chida choyezera molondola kuposa rula, bwerekani.

Muyezowu umakuuzaninso gudumu laling'ono kwambiri limene kalanki yanu ingalandire, chifukwa mano sangakhale mkati mwa mabawuti. Pa 144 simungatsike kupitirira mano 41, pa 135 ndi 39, pa 130 ndi 38, pa 110 ndi 33, pa 74 ndi 24. Ngati cholinga chanu n'kupepuza kapalasidwe pa zitunda ndipo kalanki yanu ndi ya 144, tupa kapena choboolera sizidzakuthandizani. Funani kalanki ya 110, mupulumutse nthawi.

Zikasiyana pang'ono

Gudumu la 130 pa kalanki ya 128 limangofuna kuti bowo lililonse likuzidwe ndi milimita imodzi kulowera mkati, popeza kusiyanako kumagawika mbali ziwiri. Gwirani gudumu pa vayisi, mutaika timatabwa mbali zonse kuti mano asaphwanyike. Lembani mzere ndi msomali pamene mukufuna kulekezera, n'kumapala ndi tupa lobulungira molunjika pakati pa gudumu, osakhotera kumbali. Palani pang'ono mabowo onse, yesani pa kalanki, n'kubwerezanso. Mukamaliza bowo limodzi musanakhudze enawo, gudumu limathera mbali imodzi.

Yang'aninso kakhonde kakang'ono kamene kali pa timikono ta kalanki, pamene m'mphepete mwa mkati mwa gudumu mumakhazikika. Gudumu likakhala la muyezo waung'ono kuposa wa kalanki, silikwera pa kakhondeko mpaka mutapala m'mphepetemo. Palani gudumu, osati kalanki: gudumu lina mudzalipeza, koma kalanki yakale ikang'aluka pa kamkono yatha basi. Ine ndimalekezera pa milimita imodzi kapena imodzi ndi theka pa bowo. Kuchoka pa 135 kupita pa 130 kumafuna ziwiri ndi theka, ndipo chitsulo chotsala kuseri kwa bawuti chimakhala chopyapyala moti munthu akaimirira pa mapedulo chikhoza kuthyoka.

Zikasiyana kwambiri

Apa njira ndi ziwiri. Ngati gudumu lili ndi chitsulo chokwanira pakati pa mabowo akale, monga magudumu ena achitsulo amene sanadulidwe mipata yambiri, boolani mabowo atsopano pakatipo. Gudumu lakale la kalankiyo, ngakhale lotha mano, likhale chikombole chanu: lisanjikeni pamwamba pa latsopanolo, yezani kuchoka m'mphepete mbali zinayi mpaka zifanane, panani zolimba, n'kulemba mabowo. Khomani kadontho ndi panchi, yambani ndi kaboolero ka mamilimita 4, kenako ka 10, chifukwa nati ya mabawuti a gudumu ndi ya mamilimita 10 kunja kwake. Choboolera choimika pa tebulo chimaposa cha m'manja kutalitali.

Ngati chitsulo palibe, pamafunika mbale yolumikizira: chitsulo chozungulira cha mamilimita 3 kapena 4 kuchindikala kwake, chokhala ndi mizere iwiri ya mabowo, wamkati wa kalanki, wakunja wa gudumu, mabowo akunja atakhala pakati pa amkati. Amisiri a makina osema zitsulo amaipanga mukawapatsa kalanki ndi gudumu lomwe, osati nambala zokha. Njirayi imagwira pamene gudumu ndi la muyezo waukulu kuposa kalanki, monga la 130 pa kalanki ya 86 ya Stronglight 99. Komanso mbaleyo imasunthira gudumu kumbali ndi kuchindikala kwake, nkhani imene tiibwerera pansipa.

Kuwotcherera ndimakukana. Aluminiyamu sagwirana ndi chitsulo wamba pa moto wa owotcherera a m'misika, ndipo ngakhale zonse zikhale zachitsulo, kutentha kumapinda gudumu, tcheni n'kumagwa pa mpalaso uliwonse.

Mabawuti ndi tcheni

Mabawuti a magudumu awiri ndi aatali. Mukawagwiritsa pa gudumu limodzi, nati imafika pamapeto gudumu lisanapanike, mumamva ngati mwamanga koma gudumu likugwedera. Pezani aafupi, kapena ikani mawashala, kapena palani natiyo ifupike. Makalanki ena akale achifalansa, monga TA ya mabowo asanu pa 50.4, ali ndi timabawuti tating'ono tawotawo. Musataye ngakhale kamodzi. Ngati mukuchotsa kalanki pa ekiselo, dziwaninso kuti chochotsera wamba ndi cha mamilimita 22, pamene TA yakale imafuna 23 ndipo Stronglight yakale 23.35. Cha 22 chimalowa molobodoka n'kuzula mizera yonse.

Matcheni onse a njinga ali ndi mtunda umodzi pakati pa mapini, mamilimita 12.7, koma m'lifupi amasiyana. Cha njinga ya giya imodzi ndi cha 1/8 ya inchi, cha njinga ya magiya 5 mpaka 8 kumbuyo ndi cha 3/32. Chachikulucho chimayenda pa mano opyapyala, koma chopyapyala sichilowa pa mano ochindikala. Mukachepetsa mano anayi kutsogolo pa njinga ya giya imodzi, tcheni chimafuna kufupikitsidwa ndi pafupifupi inchi imodzi.

Kumanga ndi kuwongola

Pakani girizi pang'ono pa mizera ya mabawuti. Ngati gudumu lalikulu lili ndi kachitsulo kotuluka kunja, kakhale kuseri kwa mkono wa pedulo. Ntchito yake n'kuletsa tcheni kupanika pamenepo chikagwa. Mangani mabawuti ndi zala zokha poyamba, ikani tcheni, n'kuzunguza mapedulo pang'onopang'ono mukugwira tcheni ndi chala. Pamene chikukungika kwambiri, imani, gogodani gudumu pang'ono ndi kathabwa kuchokera kutsogolo kuti lisunthire kumbuyo, n'kuzunguzanso. Pa mabowo opalidwa ndi tupa gawo limeneli n'losadumphika, popeza palibenso china choika gudumu pakati. Kukungika kukafanana paliponse, mangani ndi kiyi wa ngodya zisanu ndi imodzi wa mamilimita 5, modumphitsa bawuti, osati motsatana.

Kenako imani kumbuyo kwa njinga n'kuyang'ana tcheni: chiyende molunjika kuchoka kutsogolo kufika pa giya ya kumbuyo, kapena ya pakati ngati magiya ndi ambiri. Pa njinga za pamsewu za magudumu awiri, pakati pa magudumuwo pamakhala mamilimita 43.5 kuchoka pakati pa felemu. Chikakhota, sinthani gudumu likhale mkati kapena kunja kwa timikono, kapena ikani mawashala ofanana pa mabawuti onse. Onaninso kuti mano sakukhudza felemu, ndipo ngati gudumu lachepa, tsitsani chosinthira magiya chakutsogolo chikhale mamilimita 1 mpaka 3 pamwamba pa mano a gudumu lalikulu. Palasani pamalo athyathyathya osanyamula katundu, bwererani mumangenso mabawuti onse, kenako pitani pa chitunda.