Musamachape fyuluta ya ma guppy pampopi

Anzanga amene mukuweta nsomba zokongoletsa m'nyumba kuno ku Mzuzu, makamaka inu amene mwayamba ndi ma guppy, pali vuto limodzi limene limangobwerabe. Munthu waona siponji ya mu fyuluta yada bii, waitulutsa, wapita nayo pampopi, waichapa mpaka yayera mbee, kenako waibwezera. Pakapita masiku awiri kapena atatu madzi amachita mbuu, nsomba zimayamba kusonkhana pamwamba zikuyasamula kukamwa, ndipo m'mawa wina amapeza zingapo zili chagada. Mwiniyo amadabwa, poti iye anachita zaukhondo. Koma chimene chapha nsombazo ndi kuchapa komweko.

Fyuluta imagwira ntchito ziwiri. Yoyamba timaiona ndi maso: imakola zinyalala, zakudya zotsala ndi masamba ofota. Yachiwiri sitiiona, koma ndi imene imasunga moyo wa nsomba. Nsomba iliyonse imatulutsa ammonia kudzera m'makha momwe imapumira komanso m'chimbudzi chake, ndipo chakudya chotsala chikawola chimawonjezera ammonia yemweyo. Ameneyu ndi poizoni, amaotcha makha ngakhale atakhala wochepa. Mu siponji ya fyuluta mumakhala mabakiteriya a mtundu wa Nitrosomonas amene amasandutsa ammonia kukhala nitrite. Nitrite nayenso ndi woopsa chifukwa amalepheretsa magazi a nsomba kunyamula mpweya wa okosijeni, n'chifukwa chake nsomba imatha kubanika m'madzi oti mpweya ulimo. Ndiye pali gulu lina, makamaka la Nitrospira, limene limasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene alibe ukali kwenikweni ndipo timamuchotsa posintha madzi.

Mabakiteriyawa sayandama m'madzi. Amamatirira pa zinthu, ndipo malo amene amawakonda kwambiri ndi timabowo ta siponji, pomwe madzi okhala ndi mpweya amadutsa usana ndi usiku. Amaswana pang'onopang'ono: m'thanki yatsopano zimatenga milungu 4 mpaka 6 kuti achuluke mokwanira. Amene munapangapo kompositi mukudziwa kuti mulu wa zinyalala susanduka manyowa wokha, pali tizilombo timene timagwira ntchitoyo, ndipo mukatipha muluwo umangokhala. Utoto wa khofi umene mumauona pa siponji si litsiro lokhalokha, ndi mudzi wa antchito anu.

Tsono madzi a pampopi kuno, amene a Northern Region Water Board amatunga ku damu la Lunyangwa, amathiridwa klorini asanafike m'nyumba zathu. N'zoyenera ndithu, klorini ndi amene amatiteteza ku kolera ndi matenda ena otsekula m'mimba. Koma klorini sasankha. Monga amaphera tizilombo toyambitsa matenda, amapheranso mabakiteriya a mu fyuluta. Inu a ku Mchengautuwa, Zolozolo kapena kwina kumene mumatunga pachitsime kapena pamjigo, madzi anu alibe klorini pokhapokha mutathira nokha. Kumbukirani kuti ndowa imene mwathiramo WaterGuard kapena klorini wogawidwa ndi alangizi a zaumoyo ndi ya anthu, si ya nsomba. Sopo, sopo waufa, Jik ndi madzi otentha, zonsezi zisayandikire siponji.

Kachapidwe koyenera n'kosavuta ndipo sikafuna ndalama. Pezani ndowa imodzi yoti ikhale ya nsomba zokha, yosachapiramo zovala kapena kukolopera. Sambani m'manja ndi madzi okha mpaka m'zigongono, kuti mafuta odzola asalowe m'thanki. Zimitsani magetsi pasoketi musanapise dzanja m'madzi, ndipo ngati muli ndi hita yotenthetsera madzi, izime ndi kuzizira kaye madzi asanatsike, chifukwa hita yagalasi ikakhala pamtunda ili yotentha imasweka. Kenako tengani kapayipi, mukokere madzi a m'thanki momwemo m'ndowa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. M'thanki ya malita 40 ndiye kuti malita 10. Pokoka, yendetsani kapayipiko pansi pa timiyala kuti katole zonyansa zimene zadikha, koma yang'anitsitsani m'ndowa musanataye, poti tiana ta guppy timalowa m'payipi mosaoneka.

Madzi a m'ndowa amenewo ndiwo ochapira. Viikani siponji, ifinyeni ndi dzanja katatu kapena kanayi, muone matope akutuluka. Timabowo tikatseguka, lekani. Musalimbane nayo kuti iyere; siponji yabwino imabwerera m'thanki ili yoderabe. Chimene mukufuna ndi chakuti madzi azidutsa momasuka, basi. Musaisiye padzuwa kapena pawindo kuti iume mukuchita zina, ikauma mabakiteriya afa. Madzi akuda otsalawo musataye pabwalo pachabe, kathirireni mpiru kapena maluwa, muli chakudya cha mbewu.

Kodi muzichapa kangati? Musayendere kalendala yokha. Yang'anani mphamvu ya madzi otuluka mu fyuluta, kapena thovu ngati ndi fyuluta ya siponji yoyendera pampu ya mpweya. Zikayamba kufooka, nthawi yakwana. M'thanki ya nsomba zochepa zimatha kufika mwezi, pamene m'thanki yodzaza ndi tiana pamafunika milungu iwiri iliyonse. Kusintha madzi kokha ndiye kwa mlungu ndi mlungu. Chimene ndimaletsa kwambiri ndi kuchita zonse tsiku limodzi: kuchapa fyuluta, kutsuka timiyala tonse, kupala ndere pagalasi ndi kusintha madzi onse. Ambiri amachita zimenezi Loweruka pamodzi ndi ntchito zina zapakhomo, ndipo thanki imaoneka yokongola madzulo ake, koma yabwerera pa tsiku loyamba nsomba zili momwemo.

Siponji ikang'ambika kapena ikaleka kubwerera mukaifinya, yatha ntchito, koma musaitaye yonse kamodzi. Iduleni pakati, theka latsopano likhale pamodzi ndi theka lakale kwa mwezi wathunthu, kenako musinthe theka linalo. Gulani siponji yopangidwira nsomba. Zidutswa za matiresi ndi masiponji otsukira mbale zina zimakhala ndi mankhwala amene simungawaone.

Amene muli ndi fyuluta ya mota, kaya yomira m'madzi kaya yokoleka kumbuyo kwa thanki, muli ndi ntchito ina yowonjezera. M'kati mwa mota muli kachipangizo ka maginito kokhala ndi timapiko, kotchedwa impeller, kamene kamazungulira n'kukankha madzi. Kakamatidwa ndi utelezi, tsitsi kapena kamchenga, mota imalira mokhadzula, imatentha, mapeto ake imapsa. Kamodzi pamwezi katulutseni, kapukuteni ndi mswachi wakale wosakhudzapo mankhwala otsukira mano, mutsukenso kabowo kamene kamakhalamo. Kamtengo kamene kamazungulirapo n'kosachedwa kuthyoka, choncho gwirani mofatsa. Timiyala tamabowo timene timabwera mu mafyuluta ena timangofunika kutigwedeza m'madzi a m'ndowa aja, timakhala zaka. Za kathumba ka makala a activated carbon, mphamvu yake imatha pakapita mwezi umodzi, ndipo ma guppy amakhala bwinobwino popanda iko. Makala a pambaula sangalowe m'malo mwake. Mukamapereka mankhwala kwa nsomba zodwala, chotsani kathumbako chifukwa kamayamwa mankhwalawo.

Guppy ndi nsomba yochokera kumpoto chakum'mawa kwa South America, ku Venezuela, Guyana ndi zilumba monga Trinidad. Dzinali linachokera kwa Robert John Lechmere Guppy amene anatumiza nsombazi ku London kuchokera ku Trinidad mu 1866. Zimene timaweta lero zinasankhidwa chifukwa cha michira yaikulu yamawangamawanga, ndipo mchira wotero umalemetsa yamphongo posambira. Fyuluta yamphamvu kwambiri imazitopetsa, mumaziona zabisala pakona kapena kuseri kwa mwala tsiku lonse. Yokwanira ndi imene imayendetsa madzi onse a m'thanki pafupifupi kanayi pa ola, kutanthauza malita 160 pa ola m'thanki ya malita 40. Ngati yanu ikupitirira apo, lozetsani potulukira madzi kugalasi. Ine ndimalangiza fyuluta ya siponji kwa aliyense woweta ma guppy: ndi yotsika mtengo, ilibe zambiri zowonongeka, ndipo simeza tiana.

Nkhani ya tiana ndi yaikulu chifukwa guppy siikira mazira, imabereka ana amoyo pafupifupi mwezi uliwonse, nthawi zambiri 20 mpaka 50 pakamodzi. Polowera madzi pa fyuluta ya mota pamafunika kuvekedwa kachidutswa ka siponji. Apa ndikupempheni mumvetsetse: musadule neti ya udzudzu kuti mutchingire pamenepo. Maneti amene timagonamo ndi onyikidwa m'mankhwala a gulu la pyrethroid, amene amapha nsomba ngakhale atakhala ochepetsetsa. N'chimodzimodzi mankhwala opopera udzudzu ndi mphemvu komanso utsi wa koyilo. Pampu ya mpweya imakoka mpweya wa m'chipinda n'kuulowetsa m'madzi, ndiye mukafuna kupopera zimitsani pampu, fundikani thanki ndi nsalu yochindikala, ndipo muyatse chipinda chitapitidwa mphepo.

Madzi atsopano obwezera m'thanki akhale oti agona m'ndowa yosavundikira kwa tsiku lathunthu kapena awiri kuti klorini auluke, kapena muthiremo mankhwala ochotsa klorini amene amagulitsidwa pamodzi ndi zipangizo za nsomba. Koma kuno kwathu pali chinanso. Mzuzu ili pamtunda wa mamita oposa 1,200, ndipo mu June ndi July usiku kumazizira mpaka kutsika pansi pa madigiri 10. Ma guppy amafuna madzi a madigiri 22 mpaka 28. Anzathu a ku Nkhata Bay kapena Karonga angathe kuweta popanda hita, ife ayi. Ndowa yogona pakhonde mu July ikakhuthulidwa m'thanki yofunda, nsomba zimafooka, ndipo pakapita masiku ochepa mumaona timadontho toyera ngati mchere pathupi ndi pazipsepse. Ndowa igone m'nyumba, ndipo musanathire yesani ndi thermometer, kapena ndi dzanja ngati mulibe, kuti madzi awiriwo afanane. Mabakiteriya nawo amagwira ntchito mwaulesi m'madzi ozizira, choncho nyengo yozizira si yochapa fyuluta pafupipafupi kapena kuwonjezera nsomba zambiri.

Magetsi akazima, fyuluta imaima, ndipo mabakiteriya amayamba kusowa mpweya. Ola limodzi kapena awiri palibe chodetsa nkhawa. Koma akapita tsiku lonse, madzi otsekeredwa mu fyuluta ya bokosi amavunda, ndipo magetsi akabwera mota imapopera uve wonsewo m'thanki. Mukaona kuti achedwa, zulani pulagi, tulutsani siponji ndi timiyala, muziike m'thanki momwemo kapena m'beseni la madzi a m'thanki osaya. Poyatsanso, tayani kaye madzi a m'bokosimo. Mukamva fungo la dzira lowola, tsukuluzani bwino. Pa nthawi yonseyi musadyetse nsomba. Guppy wamkulu amakhala masiku awiri kapena atatu osadya popanda vuto, pamene chakudya chimangowonjezera ammonia pa nthawi imene palibe womuchotsa. Kutunga madzi ndi kapu n'kuwathira kuchokera m'mwamba kangapo pa ola kumalowetsa mpweya, ndipo kufunditsa thanki bulangete kumasunga kutentha. Masiku ano kuli timapampu ta mpweya ta USB toyendera power bank kapena batire la sola, ndipo kwa woweta wa kuno ndi chinthu choyamba kugula akapeza kangachepe. Pampu ya mpweya iziikidwa pamwamba kuposa madzi, kapena payipi yake ikhale ndi valavu yoletsa madzi kubwerera, apo ayi magetsi akazima madzi amatsikira m'pampu ndi pansi.

Fyuluta ikamatsekeka mlungu uliwonse, vuto silikhala fyuluta. Mwina mukudyetsa kwambiri, mwina nsomba zachuluka. Patsani chakudya chimene zingamalize m'mphindi ziwiri, kamodzi kapena kawiri patsiku, ndipo uzani ana kuti wodyetsa ndi mmodzi. Zikachuluka, patulani zazimuna ndi zazikazi, ngakhale yaikazi imene inakumanapo ndi yamphongo imapitiriza kubereka kwa miyezi ingapo ili yokha. Zotsala gawirani anzanu kapena sukulu. Musakazitaye mu Lunyangwa, m'dambo kapena m'ngalande. Mitsinje ya kuno imakathera m'Nyanja ya Malawi, momwe muli mitundu mazanamazana ya mbuna, utaka ndi chambo yosapezeka kwina kulikonse, ndipo guppy ndi nsomba yachilendo imene m'maiko ambiri yasokoneza nsomba za komweko italowa m'mitsinje.

Mukamagawira mnzanu amene akuyamba kumene, musamupatse nsomba zokha. Mudulireni kachidutswa ka siponji yanu yakale, kapena mufinyireni matope ake m'botolo la madzi a m'thanki, akathire pa siponji yake yatsopano tsiku lomwelo mabakiteriya asanafe. Izi zimafupikitsa milungu yodikira ija. Zichokere m'thanki imene nsomba zake sizinadwale posachedwa, ndipo iye ayambe ndi nsomba zitatu kapena zinayi zokha, aziwonjezera pang'onopang'ono pakatha milungu iwiri iliyonse.