Kusintha mamililita kukhala malita popanda kuphonya ziro

Lita imodzi ndi mamililita (ml) 1,000. Botolo likalembedwa ml koma inu mukufuna malita, gawani nambalayo ndi 1,000. Pobwerera ku ml, chulukitsani ndi 1,000.

Ngati mulibe kakyuleta, yerekezani kuti kumapeto kwa nambalayo kuli kadontho, ndipo kasuntheni malo atatu kumanzere: 1,500 ml ndi malita 1.5, pomwe 750 ml ndi 0.75. Manambala akakhala osakwana atatu, yambani mwaika ziro kutsogolo. Lembani 50 ngati 050, kenako sunthani kadontho, mupeza 0.05. Ambiri amaphonya pomwepa n'kulemba 0.5, osadziwa kuti imeneyo ndi 500 ml, kuchuluka kakhumi. Pamankhwala a mbewu, ziro mmodziyu akhoza kuwotcha dimba lonse la tomato.

Tiyerekeze kuti pabotolo alemba kuti muthire 2 ml pa lita iliyonse ya madzi, ndipo sipuleya yanu ndi ya malita 16. Chulukitsani 2 ndi 16: mankhwala ofunika ndi 32 ml. Botolo la lita imodzi likwanira masipuleya 31, chifukwa 1,000 kugawa ndi 32 ndi 31 n'kotsalako pang'ono. Koma onetsetsani mizere ya pasipuleya yanuyo, poti ena ndi a malita 15 kapena 20. Yezerani ndi sirinji kapena kakapu ka mizere, osati chivindikiro cha botolo, chifukwa zivindikiro n'zosiyana kukula. Sirinji ikalembedwa cc musadabwe, 1 cc ndi 1 ml. Mukayezera mankhwala a mbewu, sirinjiyo isagwirenso ntchito ina m'nyumba.

Posungunula Thanzi ORS, paketi yolembedwa lita imodzi imafuna madzi okwana lita yeniyeni. Mabotolo awiri a 500 ml akwana ndendende. Atatu a 300 ml ndi 900 ml basi, ndipo madzi akachepa mchere umachuluka, zomwe si zabwino kwa mwana wotsegula m'mimba. Supuni yaing'ono amati ndi 5 ml, koma za kukhitchini n'zosadalirika, choncho mankhwala a madzi a mwana muziyezera choyezera chomwe chabwera nawo.

Mabotolo ena ochokera kunja amalembedwa cl, kutanthauza masentilita. Pamenepo gawani ndi 100, osati 1,000: 75 cl ndi malita 0.75, kapena 750 ml. Ndipo pa katundu wa ku South Africa kapena ku Mozambique mukaona 0,5 L, mpumirowo ukuimira kadontho. Ndi theka la lita.