Msoti ukayandikira kuikira, musinthe fidi msanga

Anthu ambiri amadikira dzira loyamba kenako ndi pomwe amathamangira layers (chakudya cha nkhuku zoikira), komatu apo mwachedwa kale chifukwa thupi la msoti limayamba kusintha kutatsala masabata awiri kapena atatu kuti uyambe kuikira.

Nkhani yake ndi mahomoni. Misoti ya mazira ikafika masabata 16 mpaka 18 homoni yotchedwa estrogen imakwera, ndiye imauza chiwindi kuti chizipanga mapuloteni onyamula mavitamini, vitamini B2 ndi biotin amatengedwa m'magazi nkukalowetsedwa m'dzira ndipo nkhukuyo imatsala ndi zochepa ngati chakudya chili chosakwanira. Estrogen yemweyo amapangitsa impso kudzutsa vitamini D3 kuti matumbo azikoka kashiamu wambiri, ndipo pothandizana ndi homoni yachimuna (inde, thadzi nalo lili nayo pang'ono) amaunjika kashiamu mkati mwa mafupa. Chigoba cha dzira limodzi chimadya pafupifupi magalamu 2 a kashiamu ndiye nkhokwe imeneyi ikakhala yopanda kanthu muziona mazira ofewa komanso nkhuku zikulephera kuima.

Muzigwira misoti ingapo sabata iliyonse. Kanyama ka pamutu kaja kakayamba kukula nkufiira, ndipo pakati pa timafupa tiwiri ta kumbuyo pakulowa zala ziwiri, nthawi yakwana. Chotsani growers (chakudya cha nkhuku zomwe zikukula) pang'onopang'ono, ali ndi kashiamu wa 1% basi, muike pre-lay (chakudya chokonzekeretsa kuikira) wa kashiamu 2% mpaka 2.5% kwa masiku ngati 10 kenako layers wa 3.5% mpaka 4%. Osapupuluma kupatsa layers misoti ya masabata 10 ayi, kashiamu wochuluka choncho amaononga impso.

Magetsi nawo musamale, kuwala kukamatalika ndi komwe kumadzutsa mahomoniwa. Ngati misoti ili yopepuka sikelo isanakwane musaonjezere maola, ikakwana muzionjezera pang'ono sabata iliyonse mpaka maola 16.

Za premix (ufa wa mavitamini wosakaniza m'chakudya), ine ndimati bola wochepa koma watsopano, mavitamini amatha mphamvu thumba likakhalitsa potentha kapena pachinyezi. Ndipo musaganize kuti kuthira kawiri ndiye chikondi, mavitamini A ndi D3 amasungika m'thupi ndipo akachulukitsa amadwalitsa. Amene mukufuna kuswetsa anapiye muyang'anitsitse B2 pa thumbapo, akachepa kwa make anapiye amafera m'dzira momwemo.