Momwe mungakonzere kalembedwe ka mafailo a odwala opaleshoni ya mafupa

Chitsulo chimene dokotala wa mafupa waika m'ntchafu ya munthu chimatha kukhala mmenemo zaka 10, 20, mwinanso mpaka kumanda. Dokotalayo amasamuka, amapuma pa ntchito, ndipo ngakhale atakhalapo sangakumbukire kuti anamanga ndi masikuluwu amtundu wanji. Tsiku limene chitsulocho chafunika kuchotsedwa, kapena bala layamba kutuluka mafinya, wolandira wodwalayo amadalira zolembedwa basi. Akatsegula failo n'kupezamo timizere titatu tosawerengeka, amayamba ntchito mongopenekera. Madokotala, anamwino ndi a mafizo angathe kusintha zimenezi ndi pepala ndi cholembera, osadikira makompyuta.

Poyamba, onani zimene mukulemba panopa

Musathamangire kupanga fomu yatsopano musanadziwe pamene pakudontha. Tengani mafailo 30 kapena 50 a odwala amene achitidwa opaleshoni posachedwa, motsatizana mmene anabwerera, osasankha okongola okha. Kenaka pezani muyeso. Ambiri amagwiritsa ntchito mndandanda wa bungwe la Royal College of Surgeons of England, umene uli m'malangizo ake a 2014 otchedwa Good Surgical Practice. Mndandandawu umafuna tsiku ndi nthawi, ngati opaleshoni inali yadzidzidzi kapena yokonzekera, mayina a wochita opaleshoni, womuthandiza ndi wogonetsa, pamene anacheka, zimene anapeza m'kati, vuto lililonse limene linachitika, nambala za zitsulo, katsekedwe ka bala, magazi otayika, mankhwala oteteza ku tizilombo ndi ku kuundana kwa magazi, malangizo a pambuyo pa opaleshoni, ndi siginecha.

Pa failo iliyonse chongani chimene chilipo ndi chimene palibe. Cholembedwa koma chosawerengeka muchitenge ngati palibe. Pokafotokoza zotsatira pa msonkhano wa dipatimenti, musatchule mayina. Mukangoti "a dokotala akutiakuti ndi amene akulephera", nkhani yonse imasanduka yodziteteza ndipo palibe adzasinthe.

Chachiwiri, pangani fomu ya tsamba limodzi

Pepala loyera limadalira kukumbukira kwa munthu amene waima maola atatu ndipo wodwala wina akumudikira kale. Fomu yokhala ndi mitu yosindikiza imamukumbutsa. Ikhale tsamba limodzi. Ikakwana masamba anayi anthu adzadzaza loyamba lokha. Pamwamba pakhale dzina la wodwala, nambala yake ya pachipatala ndi tsiku lobadwa, chifukwa tsamba limatha kuthothoka m'failo.

Mndandanda tatchula uja ndi wa maopaleshoni onse. Wa mafupa uli ndi zake zoonjezera, ndipo mpamene mafailo ambiri amaperewera.

Mbali ya thupi ilembedwe mawu onse, kumanzere kapena kumanja, osati chilembo chimodzi. L ndi R wolembedwa mothamanga mu kabwalo amafanana kwambiri kuposa mmene olemba amaganizira. Fupa litchulidwe, ndi malo amene lathyokera. Ngati lathyoka n'kuboola khungu, lembani gulu lake potsata magawo a Gustilo ndi Anderson a 1976, kuyambira I mpaka III, ndipo gulu la III mu 1984 linagawidwanso kukhala IIIA, IIIB ndi IIIC. Gulu lenileni limadziwika mutatsuka bala ndi kuchotsa mnofu wakufa, choncho lolembedwa m'chipinda cha opaleshoni ndi limene lili ndi ntchito. Lembaninso ola limene munthuyo anavulala ndi ola limene analandira mankhwala oyamba opha tizilombo.

Mukamanga tourniquet, lamba wopopa woletsa magazi kuyenda m'chiwalo pa nthawi ya opaleshoni, lembani nthawi yomangira, nthawi yomasulira ndi mphamvu imene munapopa. Madokotala ambiri safuna kupyola maola awiri. Wodwala akadzuka mawa lake phazi lili dzanzi, funso loyamba lidzakhala limeneli.

Za magazi ndi mitsempha ya chiwalo ndiye zofunika kuzifotokoza mwatsatanetsatane. Chizolowezi ndi kulemba zilembo zitatu, NVI, kutanthauza kuti zonse zili bwino. Zilembozi sizinena kuti munayeza chiyani. Taganizani mwana wa zaka 6 amene wathyoka pamwamba pa chigongono. Musanamugoneke, lembani ngati mtsempha wa pamkono ukugunda, ngati zala zili zofunda, ngati chikhadabo chikubwerera msanga kufiira mukachifinya, ngati akutha kukumanitsa nsonga ya chala chachikulu ndi chamkombaphala kupanga kabwalo, ngati akutukula chala chachikulu, ngati akutambasula zala motalikirana. Kayendedwe kalikonse kakuyeza mtsempha wake woyendetsa zala, osati wa magazi. Mubwerezenso akadzuka. Mwanayo akapezeka kuti chala sichikupinda patapita sabata, pepala lokha ndi limene lingasiyanitse ngati mtsempha unavulala pa ngozi kapena pa opaleshoni, ndipo yankholo ndi limene limathandiza dokotala kusankha kudikira kapena kutsegulanso.

Pa zitsulo, "puleti ndi masikuluwu" sikulemba. Pafunika kampani yopanga, mtundu, kukula, mabowo angati, masikuluwu angati ndi utali wake. Msomali wa m'kati mwa fupa ulembedwe utali ndi kunenepa kwake, ndi masikuluwu otsekera kumtunda ndi kumunsi. Sitika imene imabwera ndi paketi imatidwe pa fomu pomwepo, paketiyo isanatayidwe. Mitu ya masikuluwu imasiyana kampani ndi kampani, ndipo sikuludilaiva yolakwika imatafuna mutuwo. Ntchito ya mphindi 20 n'kutha maola.

Chachitatu, malangizo a ku wodi akhale oti munthu n'kuwachita

"Pitirizani monga mwa nthawi zonse" si langizo. Namwino wa usiku ndi wa mafizo ayenera kupeza mayankho osaimba foni. Kodi aponde kapena asaponde? Aponde pang'ono ndi ndodo, kapena ndi thupi lonse, ndipo kwa masabata angati? Mwendo ukwezedwe? Zala ziyang'aniridwe pakapita nthawi yotalika bwanji? Bala litsegulidwe liti, ulusi uchotsedwe tsiku liti, chikhakha chikhale mpaka liti, mawaya ogwira fupa la mwana wa chigongono uja azulidwe sabata iti? Mankhwala opha tizilombo alekeze liti? X-ray yotsatira ijambulidwe liti?

Pa wodwala wothyoka msongolo kapena mkono, lembani mosabisa kuti ululu ukamakula mopyola muyeso, makamaka pomutambasula zala, dokotala aitanidwe nthawi yomweyo. Chimenecho ndi chizindikiro choyambirira cha kutupa kwa m'kati kumene kumatsamwitsa minofu, ndipo kumawononga chiwalo m'maola ochepa. Kugunda kwa mtsempha kumatha kukhalapobe zinthu zitaipa kale.

Chachinayi, gwirizanani wolemba ndi nthawi yolembera

Lamulo likhale limodzi: wodwala asatuluke m'manja mwa a kuchipinda cha opaleshoni fomu isanadzazidwe. Njira yosavuta ndi kuimangirira ku mndandanda wa chitetezo umene bungwe la World Health Organization linatulutsa mu 2008. Gawo lake lomaliza, pamene namwino amatsimikizira dzina la opaleshoni ndi kuwerenga zida ndi nsalu, ndi malo abwino ofunsira kuti, "Fomu yatha? Masitika mwamata?" Alembe amene wachita opaleshoni. Akalemba womuthandiza, mwini wake awerenge ndi kusaina, dzina lilembedwe m'zilembo zazikulu pambali pa siginecha. Namwino wamng'ono sangaimitse dokotala wamkulu pa yekha, choncho mkulu wa dipatimenti anene pamaso pa onse kuti anamwino apatsidwa mphamvu imeneyo.

Mukalakwitsa polemba, dulani ndi mzere umodzi kuti cholakwikacho chiziwerengekabe, lembani cholondola, sainani ndi kuika tsiku. Osafufuta, osamata pepala pamwamba. Chokumbukira mochedwa chilembedwe ndi tsiku limene mwachilemba, osati kuchilowetsa pakati pa mizere ya dzana.

Chachisanu, tsegulani buku la zitsulo

Failo imayankha funso la wodwala mmodzi. Buku la zitsulo limayankha lina: ndani ndi ndani ali ndi chitsulo chamtundu wakutiwakuti? Mu August 2010 kampani ya DePuy inachotsa pa msika chiuno chochita kupanga chotchedwa ASR, zitaikidwa kale pafupifupi 93,000 padziko lonse. Zina mwa zimene zinaulula vutolo ndi ziwerengero za kaundula wa National Joint Registry wa ku England ndi Wales, amene anayamba mu 2003, zosonyeza kuti odwala ambiri ankabwereranso ku opaleshoni. Dziko la Sweden linayamba kale kaundula wotere, wa mabondo mu 1975 ndi wa ziuno mu 1979. Chipatala chanu sichifunika kudikira kaundula wa dziko. Buku limodzi lokhala m'chipinda cha opaleshoni, la tsiku, nambala ya wodwala, mbali, mtundu wa chitsulo ndi sitika yachiwiri, n'lokwanira kuti mudziwe oti muwaitane. Wodwalanso mumupatse kapepala kake konena chitsulo chimene ali nacho, chifukwa sizidziwika kumene adzakagonekedwe patsogolo.

Pomaliza, werenganinso

Pakatha miyezi itatu, tenganinso mafailo ochuluka mofanana ndi poyamba, muyeze ndi muyeso womwewo. Bokosi limene onse akulidumpha mwina lili pamalo oipa kapena mawu ake sakumveka. Lisunthireni pamwamba kapena mulilembe mwina. Musadabwe zinthu zikabwerera m'mbuyo pamene madokotala ophunzira asinthana, ndiye fomuyi izifotokozedwa tsiku loyamba la gulu lililonse latsopano. Musankhenso munthu mmodzi woonetsetsa kuti mafomu sakutha m'kabati, pakuti tsiku limene atha aliyense amabwerera ku pepala loyera. Mukadzasamukira pa kompyuta, mitu yomweyi ndi imene mudzaike, ndipo mabokosi a mbali, chitsulo ndi kuponda muwatchere kuti fomu isatsekeke ali opanda kanthu.