Komwe ndinasiya kagalu kanga popita ku Lilongwe

Mwezi wa June ndinaitanidwa ku maphunziro a milungu iwiri ku Lilongwe, ndipo mutu unakula ndi Tiger, kagalu kanga ka miyezi isanu. Aneba athu ku Chibavi, mu Mzuzu, ali ndi agalu atatu olusa, kumeneko sindikanayerekeza n'komwe.

Malo oyamba osungira agalu omwe mnzanga anandilozera, ndinangozungulira kamodzi n'kubwerera. Fungo la mkodzo lokulandira pageti, mbale za madzi zomera ndere, galu wina makutu ali thoo ndi nkhupakupa. Koma chinandithawitsa kwenikweni n'chakuti sanandifunse za katemera. Matenda a agalu otchedwa parvo amapha tiagalu msanga, timasanza n'kumatsegula m'mimba mwa magazi, ndipo kachilombo kake kamakhala m'dothi miyezi yambiri. Ngati langa khadi la katemera sanalifune, ndiye kuti a agalu enawo sanawaonenso.

Kwachiwiri kunali kwa bambo wina cha ku Luwinga. Asanandipatse ndi mpando womwe anati, "Achimwene, khadi la katemera wa chiwewe ndi parvo mwabwera nalo?" Mtima unakhala pansi. Khola la simenti lopendekeka kuti madzi asadikhe, denga losadontha, tiagalu patokha kutali ndi zimphona.

Kuzizira kwa Mzuzu mu June mukukudziwa, choncho ndinasiya bulangete lake lakale ndi chakudya chomwe anachizolowera, poti kusintha mwadzidzidzi kumasokoneza m'mimba. Ndinayamba ndamugonekako usiku umodzi woyesa. M'mawa ndinamupeza akukokana chingwe ndi mnyamata wosamalira, ine osandilabadira. Zinandiwawa pang'ono, koma ndinalipira pomwepo.