Mmene mungazukutire nkhani ya mkangano wa zamalonda pakati pa mayiko

Boma likalengeza kuti laletsa katundu wochokera kwa oyandikana nalo, limanena kuti likuteteza alimi ndi mafakitale akwawo, ndipo ambiri timangovomera. Musanasankhe mbali, yambani mwafufuza kuti bomalo lachita chiyani kwenikweni, chifukwa kukweza msonkho wa pachipata, kuika malire a kuchuluka kwa katundu wolowa, ndi kutsekeratu chipata ndi zinthu zosiyana, ndipo ululu wake sugwera anthu amodzimodzi. Palinso njira ina yosaonekera msanga, yomana amalonda ndalama zakunja. Mu 2015 banki yaikulu ya Nigeria inasiya kupereka madola kwa oitanitsa mitundu 41 ya katundu, kuphatikizapo mpunga, zomwe zinali ngati chiletso ngakhale kuti zipata zinali zotsegula.

Mukadziwa zimenezo, tsatirani njira yomwe katunduyo amadutsa, ndipo apa ndi pofunika kuchedwapo. Mu Ogasiti 2019 boma la pulezidenti wa nthawiyo Muhammadu Buhari linatseka zipata zapamtunda za Nigeria, ndipo chifukwa chachikulu chinali mpunga wozembetsa. Mpungawo unkalowa kudzera ku Benin, dziko loyandikana ndi Nigeria, koma sunali wolimidwa kumeneko. Unkachokera ku Thailand ndi ku India, nkutsitsidwa padoko la Cotonou ku Benin pomwe msonkho unali wotsika, kenako nkuwoloka malire m'matumba onyamulidwa panjinga zamoto ndi m'magalimoto odutsa njira zachidule. Mafuta agalimoto ankayenda mobwerera, pakuti ku Nigeria anali otchipa chifukwa boma linkalipirako mbali ya mtengo wake, choncho ozembetsa ankawatulutsa m'zigubu kukagulitsa kutsidya. Amene waona zimenezi amazindikira kuti gwero la mkanganowo linali kusiyana kwa mitengo ndi misonkho pakati pa mayiko awiriwo, ndipo chipata chotseka sichikanathetsa kusiyanako.

Kenako funsani kuti mayikowo anamangana pangano lanji. Nigeria ndi Benin onse ali m'bungwe la mayiko a kumadzulo kwa Africa la ECOWAS, lomwe limalimbikitsa kuti anthu ndi katundu aziyenda momasuka, ndipo Nigeria inatseka zipatazo pasanathe miyezi iwiri isainire pangano la msika umodzi wa mu Africa la AfCFTA. Musayembekezere kuti bungwe loona zamalonda padziko lonse la WTO ku Geneva liweruza msanga, chifukwa nthambi yake yomva madandaulo a apilo inaima kugwira ntchito mu Disembala 2019. Mikangano yambiri yotere imathera pa zokambirana za nduna ndi atsogoleri.

Funso lomwe ine ndimaliona kuti ndi lalikulu koposa ndi lakuti ndani akulipira. Yang'anani mitengo ya pamsika m'miyezi yotsatira, osati mawu a pamsonkhano wa atolankhani. Ku Nigeria alimi ndi eni zigayo za mpunga anapezadi msika, koma mtengo wa mpunga unakwera, ndipo banja losauka, lomwe ndalama zake zambiri zimathera pa chakudya, ndi lomwe linasenza mtolowo. Amalonda osalakwa a ku Ghana ndi ku Togo nawonso anavutika, magalimoto awo atakhala pamzere pachipata cha Seme, m'malire a Nigeria ndi Benin, ena katundu akuwonongeka. Nkhani yomwe siikutchula anthu oterewa ndi yoperewera, ngakhale italembedwa bwino chotani.

Pomaliza sungani tsiku lomwe chiletso chayamba, ndipo mudzabwererenso ku nkhaniyo chikadzachotsedwa kuti mudzayerekeze zolonjeza ndi zotsatira. Zipata za Nigeria zinayamba kutsegulidwa mu Disembala 2020, patapita miyezi pafupifupi 16, koma mpunga wakunja unakhalabe woletsedwa kudutsa pamtunda. Choncho pomva kuti mkangano watha, werengani chikalata cha boma chenichenicho kuti muone katundu yemwe wamasulidwa ndi yemwe watsalabe pa mndandanda wa zoletsedwa.